Banja likafika potha, akhale pakati ndani?

Pa chinkhoswe sipasowa wodziwa ntchito yake. Tambala ndi msoti zasinthanitsidwa, khasu ndi nkhwangwa zaperekedwa, lichero ndi mthiko zalandiridwa, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri aimirira pamaso pa khamu kuti aliyense awaone nkhope. Amenewa ndiwo adzagogoderedwe pakhomo pakati pa usiku zinthu zikadzavuta. Kumbuyo kwawo kuli alangizi, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, abusa, ansembe ndi mashehe. Dziko lino lili ndi akatswiri osawerengeka omanga banja ndi olichirikiza likayamba kupendekeka. Osowa ndi anthu ophunzitsidwa kukhala pakati pa mwamuna ndi mkazi amene atsimikiza mtima kuti basi zatha, n'kuwathandiza kugawana katundu, kumvana za ana ndi kusiyana osasandukirana adani.

Chonsecho kutha kwa ukwati si nkhani ya apo ndi apo kuno kwathu. Mu 2003 katswiri wa za chiwerengero cha anthu, Georges Reniers, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Anapeza kuti pa maukwati oyamba 100 alionse, oyambira 40 mpaka 65 amathera m'chisudzulo malinga ndi dera, ndipo ziwerengero zimenezi zinali m'gulu la zokwera kwambiri mu Africa. Ku Balaka, kumene mwamuna kawirikawiri amakakhala kwa mkazi, maukwati ankatha kwambiri. Ku Rumphi, kumene kuli malowolo, ankalimbirako, ngakhale kulimba kwina kumangotanthauza kuti abale a mkazi alibe ng'ombe zobweza. Ambiri mwa osudzulana sankachedwa kulowanso m'banja lina.

Ndiye kuti mwana wa ku Malawi woleredwa ndi bambo womupeza, kapena wosiyidwa kwa agogo chifukwa mayi akwatiwanso, sali yekha. Moyo wa mwana ameneyu umadalira kwambiri zimene zinakambidwa, kapena zimene sizinakambidwe, pa masabata amene makolo ake ankasiyana.

Njira imene nkhani imadutsa ndi yodziwika. Imayamba kwa ankhoswe. Ikawakanika imapita kwa anyakwawa kapena kumpingo, nthawi zina kupolisi ku Victim Support Unit, ndipo pomaliza kwa majisitireti, amene ali ndi mphamvu yothetsa ukwati wa mwambo. Kukhotiko ankhoswe amaitanidwanso, chifukwa m'madera a chikamwini ndiwo umboni woti ukwati unalipodi.

Nkhoswe ali ndi zinthu zimene loya wa m'tauni sangazigule ndi ndalama. Amadziwa mbiri ya banjalo kuyambira pachibwenzi. Amadziwa kuti munda wa kudambo ndi wa yani, kuti mbuzi zija zinachokera ku mbuzi yaikulu ya agogo imene mkazi anapatsidwa atangokwatiwa, ndiponso kuti bambo akati ndalama palibe, m'nkhokwe muli matumba angati. Mawu ake amamveka chifukwa mawa adzakumana ndi onse awiri pamaliro. Koma nkhoswe ali ndi mbali, ndipo mwambo unamuika dala kuti akhale nayo: wakuchimuna amaimira mwamuna, wakuchikazi amaimira mkazi. Kumuuza kuti asiye mbali yake n'kukhala pakati kuli ngati kupatsa goloboyi wezulo kuti aimbire mpira umene timu yake ikusewera. Komanso ntchito yake, monga amaimvera iye mwini, ndi yobweza anthu m'nyumba. Banja likatha amaona ngati walephera ndi iyeyo. N'chifukwa chake mawu oti "banja ndi kupirira" amatuluka msanga pakamwa, ngakhale pamene mkazi wabwera ndi diso lotupa.

M'tauni zinthu zafika pena. Nkhoswe amene anaimirira pa chinkhoswe mwina anali mnzawo wa kuntchito wongopemphedwa chifukwa malume enieni ali kutali, kapena ali ku Joni ndipo nkhani amaimva pa WhatsApp, mbali imodzi lero, ina mawa. Banja lina linangolowana popanda chinkhoswe n'komwe. Anthu otere akayambana alibe bwalo lapakati: akachoka pokalipirana m'nyumba, kotsatira ndi kupolisi kapena kukatenga samani.

Ntchito imene ikusowayi mayiko ena anaisandutsa luso lophunziridwa m'kalasi, ndipo si kale kwenikweni. Mu 1974 loya wina wa mumzinda wa Atlanta ku America, O. J. Coogler, atatopa ndi momwe chisudzulo chake chomwe chinamudyera chuma ndi mtendere, anatsegula malo othandizira mabanja kukambirana okha mfundo zosiyanirana. Mu 1978 analemba buku lofotokoza njira yake, ndipo chaka chomwecho ku Bristol, ku England, kunatsegulidwa malo a ntchito yofananayo. Mu 1981 dera la California linalamula kuti makolo olimbirana ana azikumana kaye ndi mkhalapakati asanaonekere kwa woweruza, ndipo m'chaka chomwecho John Haynes anatulutsa buku limene linaphunzitsa m'badwo woyamba wa amkhalapakati a zisudzulo. Lero m'madera ambiri a ku America munthu amayamba ndi maphunziro a maola 40, kenako amakhala pambali pa katswiri kuonerera milandu yeniyeni asanaloledwe kugwira ntchito yekha.

Kodi m'maola amenewo amaphunziramo chiyani chimene malume anzeru sakuchidziwa kale?

Choyamba n'kudziletsa. Mkhalapakati saweruza, sanena wolakwa, salangiza kuti bwereranani kapena siyanani. Kwa munthu wozolowera bwalo la kumudzi, kumene nkhani imatha ndi chigamulo ndi nkhuku ya chindapusa, ichi n'chovuta kuposa china chilichonse. Ophunzira ambiri amagwa pomwepa: akangomva mbali zonse ziwiri, lilime limayabwa kuti agamule. Aphunzitsi amawachititsa masewero, wina akhale mwamuna wokwiya, wina mkazi amene watseka pakamwa, wachitatu akhale pakati, ndipo amamuimitsa nthawi iliyonse akayamba kulalikira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mfundo imene munthu waitulutsa yekha amaisunga. Imene wauzidwa amaifunira njira yoizembera.

Kenako pali luso lomva chimene chabisala kuseri kwa mawu. Roger Fisher ndi William Ury a ku yunivesite ya Harvard, m'buku lawo la mu 1981, analekanitsa chimene munthu akuumirira ndi chimene akusowadi. Pa chikamwini nkhani imeneyi imaoneka poyera. Mwamuna akuti nyumba ndi yake chifukwa malata anagula ndi iye, ndipo akuopseza kuti akawasasula. Mkazi akuti malo ndi a kwawo, njerwa anaumba ndi kuotcha ndi iye pamodzi ndi alongo ake. Akangokokana pamenepo, mmodzi ayenera kugonja, ndipo malata osasulidwa mwaukali sapindulira aliyense. Mkhalapakati wophunzira amafunsa modekha kuti bambowo malatawo akufuna akatani nawo. Nthawi zambiri zimatuluka kuti akuopa kubwerera kwawo chimanjamanja, kukasekedwa kuti zaka zonsezi anakangogwira ganyu kwa eni. Mkaziyo naye chimene akufuna ndi denga la ana. Zikadziwika zimenezi, njira zimachuluka: bambo atenge njinga ndi mbali ya zokolola za chaka chino, kapena apatsidwe ndalama pang'onopang'ono soya akagulitsidwa, nyumba itsale ndi ana.

Palinso luso lobweza mawu atachotsedwa ululu. Mayi akanena kuti, "Bambo awawa ndi chidakwa, ana anga sadzawaonanso," mkhalapakati sawadzudzula, sawavomerezanso. Amayankha kuti, "Mayi, ndikumva kuti mukudera nkhawa ana akakhala kwa bambo awo. Pachitike chiyani kuti mtima wanu ukhale m'malo?" Chitonzo chasanduka funso loyankhika. Mwina yankho ndi loti ana azipita masana okha, kapena azikafikira kwa agogo awo akuchimuna. Zimaoneka zophweka pozilemba, koma kuzichita munthu akukulozera chala kumafuna kuyeserera kambirimbiri.

Amaphunziranso kuonana ndi aliyense payekha zinthu zikatentha, kusunga chinsinsi, ndi kulemba mgwirizano m'mawu osasiya mpata wokanganirananso. "Ndizithandiza ana" si mgwirizano. Mgwirizano umanena kuti ndalama zingati, tsiku liti, zodzera kuti, fizi alipira ndani, mwana akadwala usiku aimbira yani, pa Khirisimasi kapena pa Eid ana akakhala kuti.

Pa nkhani ya chisamaliro cha ana m'pamene kukambirana kumaposa chigamulo moonekeratu. Khoti likhoza kulamula bambo kuti azipereka ndalama mwezi ndi mwezi, koma mlimi wa fodya amaona ndalama kamodzi pachaka, wakabaza amazipeza tsiku ndi tsiku, ndipo msodzi wa ku Mangochi amadalira nyengo ya usipa. Chigamulo chosagwirizana ndi kapezedwe ka munthu chimasweka mwezi wachiwiri, mayi n'kuyamba ulendo wobwerezabwereza kukhoti, thiransipoti yake yodyanso ndalama zomwe akulondolazo. Pokambirana anthu angathe kumvana za matumba a chimanga pokolola, fizi pa teremu iliyonse, ndi kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni, pasadzakhale zoti ndinakupatsa, sunandipatse.

Umboni woti njirayi imathandiza ana ulipo, ngakhale unachokera kutali. Robert Emery wa ku University of Virginia anatenga mabanja 71 amene anali atasumirana kale pa nkhani yolimbirana ana. Mwamaere, ena anawatumiza kwa mkhalapakati, ena anapitiriza ndi khoti. Kukambiranako kunkatenga maola pafupifupi asanu okha. Patatha zaka 12 anawalondolanso, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2001. Mwa makolo amene sankakhala ndi anawo, 28 pa 100 alionse a gulu lokambirana ankaonabe ana awo sabata iliyonse, pamene a gulu la kukhoti anali 9 okha. Olankhula ndi ana pafoni sabata iliyonse anali 52 pa 100, poyerekeza ndi 14. Mabanja 71 ndi ochepa, ndipo Virginia si Ntcheu. Komabe n'zochititsa chidwi kuti maola asanu anasiya chizindikiro chooneka mwana atafika kale pa msinkhu wa sekondale.

Apa m'pofunika kuima kaye, chifukwa mbali yoopsa ya nkhaniyi ndi imene okonda kuyanjanitsa amailumpha.

Kukambirana kumafuna anthu awiri okhoza kunena kuti ayi. Mkazi amene wakhala akumenyedwa zaka khumi sangakane kanthu pamaso pa womumenyayo. Amangoyang'ana pansi n'kuvomera chilichonse kuti atulukemo, ndipo mkhalapakati wosaphunzira amapita kunyumba akusangalala kuti nkhani yatha mwamtendere. Mu 1991 mphunzitsi wa zamalamulo Trina Grillo analemba nkhani yotchuka m'magazini ya Yale Law Journal yochenjeza kuti kukakamiza amayi kukambirana kungawapweteke kuposa khoti, chifukwa zonse zimachitikira m'chipinda chotseka, ndipo amene waonetsa mkwiyo amatchedwa wovuta. Kuno chenjezo limeneli n'lolemera kwambiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakhalapo pabanja anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndiye kuti mkhalapakati wa ku Malawi adzakumana ndi nkhani yotere sabata yake yoyamba.

N'chifukwa chake maphunziro abwino amayamba ndi kufufuza za nkhanza kukambirana kusanayambe. Aliyense amafunsidwa payekha, mnzake asakumva, ndipo funso silikhala loti "kodi amakumenyani?" chifukwa ambiri amakana, ena poopa, ena poganiza kuti khofi limodzi si kumenya. Amafunsa kuti mukasemphana maganizo chimachitika n'chiyani, ndalama amasunga ndani, foni yanu amaigwira ndani, kodi mungathe kutsutsa mawu awo iwo ali pomwepo, kodi mukachoka pano mukuopa chilichonse. Mayankho akasonyeza mantha, mkhalapakati ayenera kudziwa kuti nkhaniyi si yake. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Komiti ya United Nations yoona za pangano la CEDAW lothetsa tsankho kwa amayi, limene Malawi anavomereza mu 1987, inanenanso mu 2015 kuti milandu ya nkhanza kwa amayi isamatumizidwe ku njira zokambirana m'malo mwa khoti. Munthu amene wamenya mkazi wake mpaka kumuthyola dzanja wapalamula mlandu, ndipo nkhuku ya chipepeso siufafaniza.

Kupondereza kwina kulibe zibakera. Mwamuna ndi amene amadziwa za akaunti ya kubanki, mapepala a puloti ali m'dzina lake, amalankhula Chingerezi, ndipo wabwera ndi abale asanu pamene mkazi wabwera ndi mayi ake okalamba. Mkhalapakati amene sadziwa malamulo angathe kuyendetsa bwino zokambirana, onse n'kusainira, koma mkaziyo atataya chimene lamulo likanamupatsa.

Ndipo lamulo limapereka zambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, komanso wolandira chithandizo choyenera potengera kapezedwe ka mwamunayo ndi zosowa za ana. Gawo 23 limati mwana aliyense ayenera kusamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja, sanakwatirane kapena anasudzulana. Lamulo la maukwati, zisudzulo ndi maubale a m'banja la mu 2015 linaika pa mlingo umodzi ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu khoti likauvomereza. Linanenanso kuti chifukwa chothetsera ukwati n'chakuti wasokonekera moti sungakonzekenso, ndipo pogawa katundu khoti liziwerengera ngakhale ntchito za pakhomo. Kuphika, kulera ndi kutunga madzi zinalowa m'kaundula wa chuma cha banja.

Mu 2020 Khoti Lalikulu ku Blantyre linagamula mlandu umene unagwedeza mabwalo a zokambirana m'mawailesi. Mayi wina anasamalira banja pamene mwamuna wake, mphunzitsi, ankachita maphunziro a ukachenjede, koma digiri itapezeka ukwati unatha. Woweruza Sylvester Kalembera anati mayiyo ayenera kulipidwa chifukwa cha zimene anathandizira pa maphunzirowo. Amuna ambiri anang'ung'udza. Koma mkhalapakati amene sanamvepo za chigamulo chimenechi angalole mayi wotere kuchoka ndi mapoto ndi zitenje zokha, akuganiza kuti wachita chilungamo. Chimodzimodzinso mwambo wa m'madera a chikamwini woti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo: makhoti akhala akuulemekeza kwa zaka zambiri, ndipo uyenera kuikidwa patebulo. Mkhalapakati saimira munthu ngati loya, koma ayenera kudziwa nthawi youza onse awiri kuti musanasaine, pitani mukamve kaye zimene lamulo likunena.

Malawi sakuyambira pansi penipeni. Bungwe la PASI, limene linayamba mu 2000 ndi ntchito yothandiza akaidi m'ndende pa zamalamulo, linayambitsa mu 2008 ndondomeko ya amkhalapakati a m'midzi m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima, mothandizana ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la ku Denmark. Anthu osankhidwa m'mudzi momwemo, amuna ndi akazi, amaphunzitsidwa m'chilankhulo chawo, ndipo amathandiza anzawo kwaulere ndiponso mwachinsinsi pa mikangano ya malire a minda, ngongole, ziweto zodya mbewu ndi za m'banja. Milandu ikuluikulu monga kugwirira amaitumiza kupolisi. Pambuyo pake ntchitoyi inafalikira m'maboma ena ndi thandizo la European Union ndi UNDP. Chinsinsicho n'chofunika kuchitchula, chifukwa pabwalo la mfumu mudzi wonse umamvera, ndipo pali nkhani za kuchipinda zimene munthu sangazinene apongozi ali chete kumvetsera. Vuto la ndondomeko zotere n'lodziwika kwa aliyense amene waonapo ntchito za mabungwe: zimayenda ndi ndalama za mayiko akunja, ndipo thumba likatsekeka odzipereka aja amatsala opanda wowayendera.

Kukhoti nakonso lingaliroli si lachilendo. Kuyambira mu 2004 milandu yambiri yosakhudza upandu ku Khoti Lalikulu imayenera kudutsa kaye pa kukambirana, ndipo malamulo a kayendetsedwe ka milandu a mu 2017 anapitiriza zimenezi. Mu 2016 kunakhazikitsidwa nthambi ya Khoti Lalikulu yoona za mabanja ndi chuma chamasiye. Koma mayi wa ku Nsanje kapena bambo wa ku Kasungu safika kumeneko. Nkhani yawo imathera kwa majisitireti, amene pa tsiku lomwelo ali ndi milandu ya kuba mbuzi, ngozi za pamsewu ndi ngongole, ndipo alibe maola asanu oti akhale ndi banja limodzi.

Amalawi okhala kunja amakumana ndi dongosolo limeneli asakuliyembekezera. Ku South Africa lamulo la mu 1987 linakhazikitsa ofesi ya Family Advocate, imene imayang'anira zofuna za ana makolo akamasudzulana, ndipo lamulo la ana la mu 2005 limati makolo osamvana ayese kaye kupanga dongosolo lolerera ana mothandizidwa ndi katswiri asanathamangire kukhoti. Ku England ndi Wales, kuyambira mu April 2014, amene akufuna kusuma za ana kapena za chuma cha banja ayenera kuonana kaye ndi mkhalapakati wovomerezeka kuti amve za njirayi, pokhapokha ngati pali umboni wa nkhanza kapena chifukwa china chololedwa. Banja la ku Leeds kapena Manchester likhoza kukhala ndi makhoti awiri nthawi imodzi: mkhalapakati wa kumeneko akukamba za masiku oonera ana, kwinaku ankhoswe ku Area 25 akuimba foni kuti musachite manyazi otere.

Ku England komweko kunachitika chinthu chimene okonza mapulani kuno ayenera kuchidziwa. Mu 2013 boma linadula thandizo la maloya aulere pa milandu yambiri ya mabanja, likuyembekezera kuti anthu athamangira kwa amkhalapakati. Zinatembenuka: chiwerengero cha okambirana chinatsika kwambiri, chifukwa maloya omwe aja ndiwo ankalozera anthu khomo la mkhalapakati. Munthu amene banja lake likutha sayenda kusakasaka ntchito imene sanaimvepo. Amapita kwa amene amamudziwa, ndipo kuno ameneyo ndi nkhoswe, mfumu, mkulu wa mpingo ndi wapolisi wa ku Victim Support.

Pamenepa m'pamene pali yankho lokhoza kugwira ntchito ku Malawi. Kutsegula maofesi a amkhalapakati olipiritsa ku Blantyre ndi ku Lilongwe kungathandize mabanja a magalimoto awiri, ndipo palibe choipa pamenepo, koma ambiri sikungawafikire. Kuchotsa ankhoswe n'kosatheka, ndiponso kungakhale kutaya chuma. Chotheka n'kugawana ntchito. Ankhoswe akhalebe ankhoswe, aliyense pambali pa mbale wake, azibweretsa zimene akudziwa ndi kuchitira umboni mgwirizano kuti usungidwe. Pakati pakhale munthu wina wopanda ubale ndi mbali iliyonse, wophunzitsidwa, wokhala ndi womuyang'anira. Ndipo onse amene nkhani imayambira kwa iwo aphunzitsidwe zinthu zochepa koma zosalumphika: kuzindikira mantha, kudziwa zimene lamulo limapatsa mkazi ndi ana, ndi kuvomereza kuti ukwati wina wathadi.

Mipingo ili ndi mwayi waukulu kuposa onse, chifukwa ili m'mudzi uliwonse ndipo imaphunzitsa kale alangizi a mabanja. Ilinso ndi chopinga chachikulu kuposa onse, chifukwa ambiri amaona kuti kuthandiza anthu kusiyana bwino n'kuvomereza chisudzulo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo palibe akupempha m'busa kuti asinthe chiphunzitso chake. Koma anthu aja akasiyanabe, monga amasiyaniradi, ana awo amabwerabe ku Sande sukulu, ena opanda nsapato chifukwa bambo anakwiya n'kusiya kuthandiza. Kukana kukhudza nkhani ya fizi ndi chimanga sikunabwezepo ukwati ndi umodzi womwe.

Masukulu ophunzitsa zamalamulo ndi za chisamaliro cha anthu nawo ali ndi gawo lawo. Maphunziro a masiku atatu a kuhotela, othera pa satifiketi ndi alawansi, satulutsa mkhalapakati. Lusoli limakula pochita, munthu wina wodziwa akuonerera ndi kukonza, ndipo limafuna malamulo a khalidwe: asalandire mphatso kwa mbali imodzi, asaulule zimene wamva, asakhale pakati pa nkhani ya mbale wake, ndipo pakhale kokadandaula akalakwitsa. Mkhalapakati wopanda womuyang'anira amasanduka kamfumu kena, ndipo mafumu odya nkhuku za milandu alipo kale okwanira.

Kwa owerenga amene ali pa unkhoswe lero, pali zimene zingayambike popanda kudikira boma kapena bungwe. Mumve mkazi payekha ndi mwamuna payekha musanawakhazike pamodzi, ndipo mukaona mantha musawabwezere m'nyumba imodzi usiku womwewo. Ana musawaike pabwalo kuti asankhe pakati pa mayi ndi bambo. Zimene agwirizana zilembedwe ndi masiku ndi ziwerengero zake, aliyense asunge pepala lake, ndipo mupite nalo kwa majisitireti kuti likhale ndi mphamvu ya khoti. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Mlandu wa chisamaliro cha mwana sudikira kuti ukwati uthe kaye, ndipo umatsegulidwa ngakhale makolowo sanachitepo chinkhoswe.